Disc golf m'paki ya Oak Grove: kodi bwaloli n'labwino kwa ongoyamba kumene?

Ngati mumakonda kuyendayenda pa TikTok kapena YouTube, mwina munakumanapo ndi kavidiyo aka: munthu waima pakati pa mitengo, waponya kambale kapulasitiki, kambaleko kauluka mokhota ngati kali ndi maso, kenako kakagwera m'dengu lachitsulo, matcheni n'kulira, anthu n'kukuwa. Masewera amenewo dzina lake ndi disc golf.

Ukamaonera akatswiri zimaoneka zophweka. Koma tsiku loyamba la munthu wamba limakhala lina: kuponya koyamba wamenya mtengo, kwachiwiri walowetsa m'tchire, ndipo ukamaliza gawo loyamba sukudziwa n'komwe kuti ulowere kuti. Munthu akagwa ulesi tsiku limenelo amadziimba mlandu kuti alibe luso, chikhalirecho mbali yaikulu ya vutolo ndi bwalo lomwe wayambirapo.

Nkhani ino ikuunika bwalo limodzi lodziwika kwambiri la m'paki ya anthu onse, la Oak Grove ku Pasadena, m'dziko la America. Funso ndi limodzi basi: munthu amene sanagwirepo disiki chibadwire, akapita pamenepo, adzafuna kubweranso mawa lake? Yankho lachidule n'lakuti inde, bola adziwiretu zinthu zingapo.

Masewerawo mwachidule

Disc golf ndi gofu wopanda ndodo ndi kampira. Chomwe mumaponya ndi disiki, kambale kapulasitiki kophwatalala kosachepera masentimita 21 m'mimba mwake. Madisiki ambiri amalemera magalamu 150 mpaka 180, ndipo malamulo salola kupitirira 200.

Bwalo limakhala ndi magawo 9 kapena 18. Eni masewerawa amawatcha ma hole potengera gofu, ngakhale palibe dzenje lililonse lokumbidwa. Gawo lililonse lili ndi poyambira, pomwe nthawi zambiri pamakhala kakhonde kasimenti, komanso pothera, pomwe pali dengu lachitsulo loimikidwa pamzati. Pamwamba pa denguli pamalendewera matcheni, ndipo ntchito yake ndi kugwira disiki kuti igwere m'kati.

Mumaponya, n'kupita pomwe disiki yagwera, n'kuponyanso muli pomwepo, mpaka italowa. Wopambana ndi amene waponya kochepa pa magawo onse pamodzi. Gawo lililonse lili ndi nambala yotchedwa par. Akati par 3, ndiye kuti munthu wodziwa bwino akuyembekezeka kumaliza ataponya katatu. Magawo ambiri pa disc golf amakhala a par 3.

Komwe bwaloli lili ndi mbiri yake

Pasadena ndi mzinda wa ku California, kumpoto chakum'mawa kwa Los Angeles. Paki yomwe kale inkatchedwa Oak Grove Park lero ndi mbali ya Hahamongna Watershed Park, dzina lochokera kwa anthu a mtundu wa Tongva, eni nthaka akale a deralo. Ili m'chigwa cha Arroyo Seco, kumtunda kwa damu la Devil's Gate lomwe linamangidwa mu 1920. Moyandikana nayo pali Jet Propulsion Laboratory, malo a NASA kumene amapangirako makina opita ku Mars.

Bwalo la disc golf linatsegulidwa m'pakimu mu 1975, ndipo limadziwika ngati bwalo loyamba lokhazikika la masewerawa. Analikonza ndi Ed Headrick, amene anzake ankamutcha "Steady" Ed. Mkuluyu anagwirapo ntchito ku kampani ya zidole ya Wham-O, yomwe inkapanga Frisbee, ndipo ndi iye anakonzanso maonekedwe a Frisbee kuti iziuluka mosagwedezeka.

Poyamba ku Oak Grove kunalibe madengu. Kunali mizati chabe, ndipo munthu ankamaliza gawo akaigunda. Vuto lake mukhoza kuliona kale: wina akuti yagunda, wina akuti yangodutsa pambali, mkangano n'kuyamba. Headrick ndi mwana wake Ken anapanga dengu la matcheni kuti mkanganowo uthe, ndipo boma la America linawapatsa chiphaso cha umwini wa lusoli mu 1977. Mu 1976 Headrick anakhazikitsa bungwe la Professional Disc Golf Association, mwachidule PDGA, lomwe mpaka pano ndilo limasunga malamulo a masewerawa. Atamwalira mu 2002, phulusa la thupi lake analisakaniza ndi pulasitiki n'kupangira madisiki, monga momwe iye mwini anafunira.

Mbiriyi ikukhudza bwanji woyamba kumene? Bwaloli linakonzedwa nthawi imene anthu ankaponya Frisbee wamba, yokhuthala m'mphepete, yosapita patali. Disiki yakuthwa m'mphepete, imene imauluka mtunda wautali, inabwera mu 1983 kudzera mwa Dave Dunipace ndi kampani ya Innova. Ngakhale magawo a ku Oak Grove asinthidwapo m'zaka zonsezi, khalidwe lake lakale lidakalipo: limafuna kulunjika kuposa mphamvu.

Zomwe bwaloli limakomera woyamba kumene

Choyamba ndi ndalama. Kusewera ku Oak Grove n'kwaulere, monganso zilili m'mabwalo ambiri a m'mapaki. Simulipira umembala, simuvala yunifolomu, simulemba dzina kuti akupatseni nthawi yoyambira. Disiki imodzi yatsopano ku America imagulidwa pakati pa madola 10 ndi 20, ndipo imodziyo ndi yokwanira tsiku loyamba. Mukayerekeza ndi gofu, amene amafuna chikwama chodzaza ndodo ndi ndalama yolowera pabwalo, kusiyana kwake n'kwakukulu. Munthu amene akungoyesa sataya zambiri akapeza kuti masewerawa si ake.

Chachiwiri ndi kutalika kwa magawo. Magawo ambiri kumeneko safika mamita 100, kutanthauza kuti ndi afupi kuposa bwalo la mpira wamiyendo. Tiyeni tiwerengere. Munthu watsopano nthawi zambiri amaponya mamita 40 mpaka 60. Pagawo la mamita 75, akaponya kawiri wafika pafupi ndi dengu, akaponya kamodzi kapena kawiri walowetsa. Wamaliza ndi 3 kapena 4, ndipo akumva kuti zikutheka. Muikeni munthu yemweyo pagawo la mamita 220 ngati a m'mipikisano ikuluikulu: aponya kanayi kapena kasanu asanafike n'komwe pafupi, mkono watopa, anzake akumudikira. Musapusitsidwe ndi zomwe mumaona pa intaneti. David Wiggins Jr. anaponyapo disiki mamita 338 mu 2016, koma ameneyo ndi katswiri amene anathandizidwanso ndi mphepo ya m'chipululu.

Chachitatu ndi malo ake. Mbali yaikulu ya bwaloli ndi yosakwera mapiri, choncho ana, akuluakulu ndi anthu osazolowera kuyenda mtunda akhoza kumaliza osapuma wefuwefu. Disiki ikagwa sigubuduka kutsetserekera kutali. Mitengo imaperekanso mthunzi, chinthu chofunika kwambiri kumwera kwa California komwe dzuwa la m'miyezi ya June mpaka September limawotcha zedi.

Chachinayi ndi anthu. Poti bwaloli ndi lakale komanso lotchuka, simusowa wofunsa. Kuona munthu wodziwa akuponya pamaso panu kumaphunzitsa msanga kuposa mavidiyo khumi.

Pomwe limavuta

Walira mvula walira matope. Mitengo yomwe ija yamthunzi ndiyo mdani wamkulu wa disiki yanu. Dzina lakuti Oak Grove likuchokera ku mitengo ya oak, ndipo ya kumeneko ndi yanthambi zotambalala, zotsika, masamba ake sayoyoka chaka chonse. Woyamba kumene amakonda kuponya mokweza mphuno ya disiki, ngati akugenda mango. Ukatero kumeneko, disiki imakathera m'nthambi, nthawi zina n'kukakamira komweko. Pamafunika kuponya motsika, mowongoka, podutsa mpata. N'zowawa masiku oyamba, komabe amene waphunzirira pamalo otere savutika akapita pabwalo lopanda mitengo.

Vuto lachiwiri ndi kusochera. Magawo ake ndi oyandikana, ndipo ukaima poyambira ukhoza kuona madengu awiri kapena atatu osadziwa lako ndi liti. Kuwonjezera apo, oyang'anira amasuntha madengu nthawi ndi nthawi, chifukwa gawo limodzi limakhala ndi malo angapo oimikapo dengu. Izi zimathandiza kuti nthaka ipume komanso kuti osewera akale asatope nalo bwalo, koma mlendo zimamuzunguza mutu. Mankhwala ake ndi awiri: ikani pafoni pulogalamu ya UDisc, yomwe ili ndi mapu a mabwalo, kapena funsani gulu lomwe lili patsogolo panu. Paja safunsa anadya phula.

Vuto lachitatu ndi kudzaza. Loweruka ndi Lamlungu kumakhala anthu ambiri. Palibe chimene chimachititsa manyazi woyamba kumene ngati kuponya gulu la madolo likuyang'ana kumbuyo, disiki n'kugwera pamphuno pomwepa. Mwambo wa masewerawa ndi wakuti gulu lochedwa limapatsa njira gulu lofulumira. Mukaona kuti akudikirani, auzeni adutse. Inu mupuma, iwo athokoza, nkhani yatha. Dziwaninso kuti pabwaloli pamachitika mipikisano, monga Wintertime Open, ndipo masiku otero si oyambira kuphunzira.

Vuto lachinayi ndi lalikulu kuposa onse: pakiyi si ya osewera disc golf okha. Mumadutsa anthu oyenda ndi agalu awo, othamanga, mabanja odzadyera panja, ngakhale okwera mahatchi. Disiki yoponyedwa ndi munthu wamphamvu imatha kuthamanga kupitirira makilomita 100 pa ola, ndipo ikamenya munthu kumaso imavulaza. Woyamba kumene saponya mwamphamvu choncho, koma sadziwanso komwe disiki yake ilowere. Lamulo ndi losavuta: musaponye pamene pali munthu kapena chiweto pomwe disiki ingafike, ndipo ikapatuka kulunjika kwa anthu, kuwani kuti "Fore!" mokweza. Paki ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ndipo bwalo la m'paki ya anthu onse limakhalitsa pokhapokha ngati osewera akukhala bwino ndi ena onse. Madandaulo akachuluka, khonsolo iliyonse ili ndi mphamvu zosuntha kapena kuchotsa madengu.

Pomaliza pali tchire la m'mbali. Kumwera kwa California kuli njoka za rattlesnake komanso chomera chotchedwa poison oak, chomwe chimayabwa ndi kutulutsa matuza, tingoti chitedze cha kumeneko. Disiki ikalowa pazitsamba, yang'anani kaye musanapise dzanja.

Disiki yoyenera kuyambira

Bwalo labwino likhoza kuoneka loipa chifukwa chongosankha disiki yolakwika. Madisiki alipo a mitundu itatu ikuluikulu. Putter ndi yokhuthala m'mphepete, yoyenda pang'onopang'ono, yolowetsera m'dengu. Midrange ndi yapakatikati. Driver ndi yopyapyala, yakuthwa m'mphepete, ya mtunda wautali.

Madisiki ambiri amalembedwa manambala anayi. Yoyamba ndi liwiro lomwe disikiyo imafuna, kuyambira 1 mpaka 14. Yachiwiri ikusonyeza momwe imakhalitsira m'mwamba, yachitatu momwe imapatukira koyambirira, yachinayi momwe imakhotera ikamagwa. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa: amaganiza kuti nambala yaikulu ya liwiro iwapatsa mtunda. Ayi ndithu. Disiki ya liwiro 12 imafuna mkono wa liwiro 12. Mkono ukachepa, disikiyo imangokhota msanga n'kugwa. Kwa munthu woponya ndi dzanja lamanja, kumbuyo kwa dzanja kutatsogola, imagwera kumanzere nthawi zonse.

Choncho yambani ndi putter kapena midrange ya liwiro 5 kutsika m'munsi, yopepukirako, ya mtundu wowala monga pinki kapena olenji. Yobiriwira kapena yakuda imasowa pansi pa masamba ouma. Lembani dzina lanu kunsi kwake, chifukwa mwambo wa osewera ndi kubweza disiki yotola. Pabwalo ngati la Oak Grove, midrange imodzi ikhoza kukuyendetsani kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza.

Malamulo ochepa oti mudziwe

Buku la malamulo a PDGA ndi lalitali, koma tsiku loyamba awa akukwanirani:

1. Amene ali kutali kwambiri ndi dengu ndiye amaponya koyamba, ndipo ena onse amaima kumbuyo kwake.
2. Mumaponya phazi lili kumbuyo kwa pomwe disiki yagwera, pakamalo ka masentimita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali.
3. Mukakhala m'kati mwa mamita 10 kuchokera padengu, simuloledwa kugwera kutsogolo mukaponya. Muyenera kuonetsa kuti mwaima chilili.
4. Disiki ikasowa, mumaifuna kwa mphindi 3. Ikapanda kupezeka, mumabwerera pomwe munaponyera ndipo mumawonjezeredwa kuponya kumodzi ngati chilango.
5. Simuthyola nthambi kapena kupinda mtengo kuti mupeze njira. Mumasewera momwe malo alili.
6. Wina akamaponya, khalani chete ndipo musayendeyende pamaso pake.

Mukamasewera ndi anzanu mongocheza, palibe amene adzakuimbireni wezulo. Koma lamulo loyamba ndi lachisanu musaseweretse, chifukwa limodzi limateteza anthu, linalo limateteza paki.

Muyeso woyezera bwalo lina lililonse

Si tonse tidzafike ku Pasadena. Koma mabwalo a disc golf tsopano apitirira 15,000 padziko lonse. Ambiri ali ku America, ndipo Finland, dziko la anthu osakwana 6 miliyoni, lili ndi oposa 1,000. Kuno ku Africa aliko ku South Africa, ku Uganda, komanso ku Macha kumwera kwa Zambia. Abale athu okhala ku Britain akhozanso kuwapeza. Kulikonse komwe mungalipeze, mafunso omwe tafunsa ku Oak Grove ndi omwewo:

- Magawo ndi aatali bwanji? Kwa woyamba, mamita 50 mpaka 80 ali bho. Mabwalo ena amakhala ndi poyambira pawiri kapena patatu pagawo limodzi, ndipo pafupi kwambiri nthawi zambiri amapaika chizindikiro chofiira. Yambirani pamenepo osachita manyazi.
- Pali zikwangwani? Poyambira payenera kukhala nambala ya gawo, kutalika kwake ndi kachithunzi ka njira. Padengu payenera kukhala muvi wolozera gawo lotsatira.
- Dengu likuoneka muli poyambira? Ngati labisika kuseri kwa chitunda, simudziwa komwe mukuponya, komanso simuona anthu amene ali kutsogolo.
- Disiki ingasowe mosavuta? Dziwe, mtsinje, udzu wautali ndi minga zimameza madisiki. Munthu amene ali ndi disiki imodzi yokha, ikalowa m'madzi pagawo lachiwiri, masewera athera pomwepo.
- Njira ya disiki ikudutsana ndi anthu? Gawo lodutsa pamsewu, posewerera ana kapena poimika magalimoto linakonzedwa molakwika, kaya ndi lokongola bwanji.
- Mungathe kulekeza panjira? Magawo 18 amatenga pafupifupi maola awiri. Bwalo labwino limakulolani kumaliza 9 n'kubwerera pomwe munayambira.
- Pali dengu loyesererapo, madzi akumwa ndi chimbudzi? Zimaoneka zazing'ono, koma ndi zomwe zimachititsa kuti munthu abwere ndi mlongo wake kapena mwana ulendo wotsatira.

Mndandanda womwewu ndi wothandizanso kwa achinyamata amene angafune kupempha khonsolo kapena sukulu kuti iwapatse malo. Bwalo loyamba m'tauni lisakhale lofuna kudabwitsa akatswiri. Magawo 9 aafupi, oonekera bwino, otalikirana ndi njira za anthu, ndi amene amabala osewera atsopano.

Ndiye tinene kuti chiyani?

Pa nkhani ya mtengo, kutalika kwa magawo ndi kayendedwe, Oak Grove ndi bwalo lomuyenera woyamba kumene. Pa nkhani ya mitengo, kusochera ndi kudzaza, limafuna kukonzekera. Silimulandira mlendo ndi manja awiri ngati mabwalo atsopano omangidwira ophunzira, komanso silimuthamangitsa.

Wopita koyamba achite izi: asankhe tsiku la m'kati mwa sabata, m'mawa. Atenge disiki imodzi ya midrange yowala, botolo la madzi ndi nsapato zotseka. Ngati n'kotheka apite ndi mnzake amene anasewerapo. Asawerengere par, angolemba kuti gawo lililonse waponya kangati, kuti ulendo wachiwiri adzapikisane ndi nambala yake yomwe. Akatopa pagawo la 9, alekeze. Ndipo asanaponye, nthawi iliyonse, ayang'ane kaye kutsogolo ngati kulibe munthu, galu kapena hatchi.